Dzuwa Sapikisana Nalo

Anthu amene adakulira kumapiri amaganiza kuti dzuwa amalidziwa. Nanenso ndinkaganiza chomwecho. Ndidabadwira ndi kukulira m'boma la Thyolo, kumene chiperoni chimafunditsa minda ya tiyi masiku angapo osaleka, ndipo nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ndidatumizidwa kukagwira ntchito kwathu komweko. Kumeneko munthu akati lero kwatentha, amatanthauza kuti wavula juzi. Dzuwa lenileni ndidakakumana nalo m'chigwa cha Shire, m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1988, ndipo zimene lidandionetsa tsiku limenelo ndikamazikumbuka mtima umandigundabe.

Pasukulu imene ndinkaphunzitsa ndidali mphunzitsi wa Sitandade 8 komanso woyang'anira zamasewero. Masiku amenewo m'sukulu za pulayimale mudali anyamata osinkhuka, ena a zaka 17, amene ankabwereza kalasi podikira mwayi wosankhidwa kupita ku sekondale. Mwa anyamata oterewa ndidaumba timu ya mpira wamiyendo imene idazunguza sukulu zonse zoyandikana nafe. Mzati wa timuyo adali kaputeni wathu, mnyamata wofatsa, wosewera pakati, amene ukamuuza chinthu sankafunsa chifukwa chake. Mnzake akatopa, iye ankathamanga m'malo mwa anthu awiri.

Ndidali ndi malamulo amene ndidawatola kwa amene adandiphunzitsa mpira ndili mwana, ndipo sindidawayesepo ngati adali oona. Lamulo loyamba lidali lakuti wosewera asamwe madzi mpira uli m'kati, chifukwa madzi amalemeretsa m'mimba ndi kubaya m'nthiti. Lachiwiri lidali lakuti wosewera amene wachepetsa liwiro ndi mlesi, ndipo mankhwala ake n'kumukalipira. Malamulowa kumapiri kwathu sadapwetekepo munthu, motero ndidawayesa nzeru zakuya.

Mnzanga wina amene ndidaphunzira naye ku koleji ankaphunzitsa m'boma la Chikwawa. Tidalemberana makalata n'kugwirizana kuti matimu athu akumane pa masewero a chibale. Makolo adasonkha ndalama za mafuta, tidabwereka lole, ndipo Loweruka lina m'mamawa tidanyamuka, anyamata ali m'majuzi, nyimbo ili pakamwa. Titadutsa mzinda wa Blantyre tidayamba kutsetsereka msewu wokhotakhota wopita kuchigwa. Mphepo imene inkatiwomba pa lolepo inkasintha m'mene tinkatsikira: poyamba yozizira, kenaka yofunda, ndipo pofika pa Thabwa idali ngati ikuchokera mu uvuni wa njerwa. Majuzi adavulidwa, nyimbo idazilala yokha. Titawoloka Shire tidapeza dziko lili zii, mbuzi zitabisala pansi pa nkhokwe, nyenje zokha zikulira m'mitengo.

Chifukwa cha kusinthaku ndinkachidziwa bwino, pakuti ndinkachiphunzitsa m'kalasi. Blantyre ali pamwamba ndi mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene chigwa cha Shire chili pa mamita pafupifupi 100 okha. Munthu akamatsika, mpweya umanka nutentha, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuchigwako kumadutsa madigiri 40. Zonsezi ndinkazilemba pa bolodi ndi choko, koma sizidalowepo m'mutu mwanga monga nkhani yokhudza miyendo ya ana anga.

Mnzanga uja adatilandira ndi manja awiri, kenaka adanditengera pambali. "Achimwene," adatero, "kuno mpira timayamba 4 koloko. Anawa apume pansi pa mango, amwe madzi, dzuwa liyambe lapendeka." Koma woyendetsa lole adali atandinong'oneza kale kuti nyali za galimoto yake n'zosadalirika, ndipo ankafuna kukwera zitunda kusanade. Ine ndidayankha mwamatama kuti anyamata anga amakwera mapiri tsiku ndi tsiku, mpweya ali nawo wochuluka, choncho tiyambe 1 koloko. Mnzangayo adandiyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu. "Chabwino, mwanena ndinu alendo." Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidamuposa safunsayo, chifukwa ndidauzidwa ndithu koma ndidatseka makutu.

Bwalo lidali lopanda udzu, mchenga ukuwotcha kumapazi, ndipo ambiri mwa osewera adalibe nsapato. Mphindi 20 zoyambirira zidali zathu. Anyamata anga adathamanga monga momwe ndidawaphunzitsira, ndipo tidamwetsa chigoli. Eni bwalo ankasewera modekha: ankapatsirana mpira pafupipafupi, kuyenda pamene panalibe chothamangira, n'kumasunga liwiro lawo kufikira mpata utaoneka. Ine ndidayesa kuti akutiopa. Pokwana mphindi 30 zinthu zidatembenuka. Anyamata anga adaleka kulondola mpira wotayika, manja adapita m'chiuno, mipira yopatsirana idayamba kugwera adani, ndipo goloboyi wathu adaphonya mpira umene kwathu akadaugwira atatsinzina. Zigoli zidafanana.

Panthawi yopuma eni bwalo adaunjirira ndowa ya madzi, kumwa ndi kudzithira kumutu. Anyamata anga ankawayang'ana ndi maso achisoni. Kaputeni adandiyandikira nati, "Aphunzitsi, tiloleni timweko pang'ono, kukhosi kwauma." Ndidamuyankha mokalipa kuti angotsukuluza m'kamwa n'kulavula, ndipo ndidawanyoza onse kuti asanduka alesi pamaso pa anthu a eni. Mnyamatayo adangoti, "Tamva, aphunzitsi," nabwerera m'bwalo.

M'chigawo chachiwiri anyamata awiri adakhala pansi minofu itawakokana. Kaputeni adayesetsa kutseka mipata yawo, ndipo ine ndinkamuchemerera kuti aonjezere moto. Mwadzidzidzi adamenya mpira molunjika ku golo lathu lomwe, kenaka adayamba kuthamangira kunja kwa bwalo kumene kudalibe mpira, akudzandira ngati woledzera. Anthu adaseka. Kuseka kudatha pamene adagwa chafufumimba osadzukanso. Nditafika pamene adagwerapo ndidapeza thupi lake likutentha ngati chiwaya chochoka pamoto. Ankabwebweta za mbuzi za amayi ake, ndipo nditamutchula dzina sadandizindikire.

Ndidaima chilili, nzeru zonse za ku koleji zitandithawa. Amene adatipulumutsa adali mayi wina wachikulire amene ankagulitsa thobwa pansi pa mtengo wa mango. Adakankha anthu uku akukuwa, "Chotsani mwanayo padzuwa! Mukumuunjirira chiyani?" Adatilamula kuti timunyamulire pamthunzi ndi kumuvula malaya. Adatenga mtsuko wake wa madzi akumwa, namukhuthulira kumutu, m'khosi ndi m'khwapa. Adanyowetsa chitenje namuyala nacho, nauza anyamata awiri kuti azimukupiza ndi malichero, atsikana nawatuma kumjigo kuti madzi asaleke kubwera. Ine ndidatunga madzi m'chikho kuti ndimumwetse, koma mayiyo adandigwira dzanja. "Ayi aphunzitsi, munthu wokomoka samwetsedwa madzi, angatsamwe. Thirani pathupi." Tidapitiriza kumuthira ndi kumukupiza ngakhale pa lole, mpaka tidafika kuchipatala.

Mnyamatayo adatsitsimuka chakumadzulo, ndipo adagonekedwa masiku awiri. Dokotala amene adamuona adandiuza mosapsatira kuti amene adayamba kumuthira madzi ndiye adamupulumutsa. Mdima umene tinkauthawa uja udatipeza kuchigwa komweko, ndipo timu yonse idagona m'kalasi ya eni sukulu.

Chovuta kuposa zonse chidali kukamutula mwanayo kwa makolo ake. Bambo ake adandimvetsera mpaka ndidamaliza, osandidula mawu. Atakhala chete kanthawi adati, "Aphunzitsi, ife tikakupatsani ana timagona tulo, poti timati ali ndi munthu wodziwa zinthu. Kodi kusukulu kwanuko za dzuwa sadakuphunzitseni?" Ndidasowa choyankha, chifukwa adandiphunzitsa ndithu.

Funso limeneli lidanditumiza ku mabuku, ndipo zimene ndidapeza ndi zimene ndikufuna kuti inu ophunzira muzidziwe muli aang'ono. Thupi la munthu limagwira bwino ntchito likakhala pa madigiri pafupifupi 37. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha kwambiri: pa magawo anayi a mphamvu imene yagwiritsa, atatu kapena kuposerapo amasanduka kutentha, ndipo gawo limodzi lokha ndilo limayendetsa miyendo. Katswiri wa mpira amathamanga makilomita pafupifupi 10 pa mphindi 90. Tingoti wosewera aliyense amakhala atasenza mbaula m'kati mwake, ndipo akamaonjezera liwiro ndiye kuti akuonjezera makala. Kutentha kumeneku kuyenera kutuluka, apo ayi munthuyo apsa.

Thupi limakutulutsa potumiza magazi ambiri kukhungu kuti akazizire, ndiponso potulutsa thukuta. Kunja kukazizira, monga kwathu ku Thyolo, mphepo imachotsa kutentha pakhungu mosavuta. Koma mpweya ukatentha kuposa khungu, umaleka kuziziritsa munthu n'kuyamba kumuwotcha, ndipo chotsala ndi thukuta lokha. Apa ndi pamene ndidakumbuka mtsuko wa mayi uja. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa dongo limalola timadzi kutulukira kunja, ndipo timadzito tikamauma timachoka ndi kutentha. Thukuta nalo limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu. Limene langochucha n'kugwa pansi lapita pachabe. N'chifukwa chake tsiku la chinyezi, monga mvula ikamakonzeka kugwa, limalefula kuposa tsiku louma, pakuti mpweya wodzaza kale chinyezi suumitsa thukuta. N'chifukwa chakenso mayi uja sadangothira madzi, koma adaitanitsanso malichero. Iye sadaphunzire sayansi, koma adaichita pamene ine woiphunzitsa ndidali kakasi.

Tsono taonani mkangano umene umabuka m'thupi la wosewera. Minofu ikufuna magazi kuti ilandire mpweya wabwino. Khungu nalo likufuna magazi omwewo kuti thupi lizizire. Kuonjezera apo, madzi a thukuta amachokera m'thupi momwemo, ndipo padzuwa wosewera amatha kutaya lita imodzi kapena awiri pa ola, mwinanso kuposerapo, pamodzi ndi mchere umene umasiya mizere yoyera pa malaya. Madzi akachepa, magazi nawo amachepa, ndipo mtima umakakamizika kugunda mofulumira kuti ugawire mbali zonse ziwiri, ngati mayi amene akugawa nsima ya mphika umodzi kwa mabanja awiri. Akatswiri amati munthu akataya madzi olemera magawo awiri pa 100 alionse a thupi lake, mphamvu zake zimayamba kutsika moonekeratu. Kwa mnyamata wolemera makilogalamu 50, imeneyo ndi lita imodzi yokha. Anyamata anga ayenera kuti adaitaya chigawo choyamba chisanathe.

Ubongo nawo sukhala chete. Ukaona kuti thupi likutentha mopitirira, umayamba kuchepetsa liwiro la munthu ngozi isanafike. Wosewera amangomva kuti miyendo yalemera, mtima wothamangira mpira watha. Kuganiza mwachangu kumavuta, ndipo amalakwitsa zinthu zimene amazidziwa bwino. Chimene ine ndinkachitcha ulesi chidali thupi likudziteteza lokha. Ngozi imadza pamene munthu waumirizidwa, kapena wadziumiriza, kunyoza chenjezo limeneli. Kutentha kwa m'thupi kukadutsa madigiri 40, munthu n'kuyamba kusokonezeka mutu, kudzandira kapena kukomoka, ndiye kuti moyo uli pachiswe: ubongo, impso ndi chiwindi zimatha kuwonongeka. Pamenepo chofunika ndi kumuziziritsa msanga ndi madzi pamalo pomwepo, ndi kupitiriza kutero pothamangira naye kuchipatala. Kaputeni wanga adafika pamenepa chifukwa adali womvera kuposa anzake onse.

Patapita zaka zambiri ndidawerenga za kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2012. Akatswiri adatenga osewera ochokera kumaiko ozizira a kumpoto kwa Ulaya, nawaseweretsa mpira pa madigiri 21, kenaka ku Qatar pa madigiri 43. Adapeza kuti kotentha kuja mtunda wonse umene osewera adathamanga udachepa ndi magawo 7 pa 100 alionse, koma kuthamanga kwa liwiro lalikulu kudachepa ndi magawo 26. Chodabwitsa n'chakuti mipira yopatsirana imene idafika kwa mwini wake idachuluka, popeza mpira udadekha ndipo wosewera ankapeza mpata woyang'ana. Nditawerenga izi ndidaseka ndekha, chifukwa ndidaona anyamata a ku Chikwawa aja amene ndinkawayesa amantha. Iwo ankadziwa kale kuti kuthamanga sikufika. Padzuwa, mpira ndiwo uyenera kuthamanga.

Adalinso ndi mwayi wina umene ife tidalibe. Thupi limazolowera kutentha, koma limafuna masiku 10 mpaka 14 likugwira ntchito m'malo otenthawo. Likazolowera limayamba kutuluka thukuta msanga, thukutalo limachuluka koma mchere wake umachepa, madzi a m'magazi amaonjezereka, ndipo mtima umagunda modekha. Anyamata anga adali olimba ndithu, koma kulimba kwa kumapiri si kuzolowera kwa kuchigwa. Ine ndidawapatsa maola atatu pa ntchito ya milungu iwiri.

Musaganize kuti kulakwa kotere n'kwa aphunzitsi a kumudzi okha. Pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa ku Mexico mu 1986, masewero ambiri ankayamba 12 koloko masana pofuna kuti anthu a ku Ulaya aonere pa wailesi yakanema madzulo, ndipo Diego Maradona adali mmodzi mwa osewera amene adadandaula poyera. Mu 1994, ku United States, timu ya Ireland idasewera ndi Mexico mumzinda wa Orlando dzuwa lili pamutu, ndipo mphunzitsi wa Ireland, Jack Charlton, adakangana ndi akuluakulu a mpikisano pa nkhani yopereka madzi kwa osewera. Ine chidandiumiriza ndi lole yopanda nyali; iwo chidawaumiriza ndi ndalama za kanema. Woumirizidwa kupirira adali yemweyo, wosewera.

Pang'onopang'ono maso adatseguka. Mu 2014, ku Brazil, pa masewero a Netherlands ndi Mexico mumzinda wa Fortaleza, woyimbira adaimitsa mpira kwa mphindi zitatu m'chigawo chilichonse kuti osewera amwe madzi ndi kudziziziritsa. Kadali koyamba kuti kupuma kotere kuchitike mwalamulo pa mpikisano umenewu. Mpikisano wa ku Qatar wa mu 2022 udasamutsidwa kuchoka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nuchitika mu Novembala ndi Disembala, pothawa dzuwa lomweli. Ndipo dzuwa silisankha osewera okha. Mu Januwale 2022, pa mpikisano wa maiko a mu Afirika ku Cameroon, umene Flames yathu idafika nawo m'ndime ya matimu 16, woyimbira wa ku Zambia, Janny Sikazwe, adathetsa masewero a Tunisia ndi Mali mumzinda wa Limbe pa mphindi 85, nawayambitsanso, n'kuwathetsanso mphindi 90 zisanakwane. Anthu ambiri adamuseka. Pambuyo pake adapita kuchipatala, ndipo adafotokoza kuti kutentha kudamusokoneza mutu. Ine sindidaseke nawo, pakuti ndidakumbuka mnyamata akuthamangira kunja kwa bwalo kumene kudalibe mpira, anthu akuseka.

Kuchokera mu 1988 mpaka tsiku limene ndidapuma pantchito, timu yanga sidalowenso m'bwalo popanda mtsuko wa madzi pambali. Nyengo yotentha tinkasewera m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Anyamata ankayamba kumwa madzi mpira usanayambe, ndi kumwanso pang'onopang'ono uli m'kati, osati kudzaza mimba nthawi imodzi. Ndidawaphunzitsa kuyang'ana mkodzo wawo, kuti ukadera ndiye kuti thupi lauma. Amene wangochira malungo kapena kutsegula m'mimba sindinkamulola kusewera. Koposa zonse, ndidawaphunzitsa kuti kunena kuti ndikumva chizungulire si mantha, ndipo mnzawo akayamba kuchita zachilendo m'bwalo aimitse mpira osadikira woyimbira.

Inu amene mukuwerenga chimangirizochi mukusewera padziko lotentha kuposa limene ine ndidaseweramo. Chaka cha 2024 chidatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba za nyengo. Ena mwa inu ndinu makaputeni, ena mudzakhala aphunzitsi, ndipo tsiku lina mwana wa mwini adzaima pamaso panu n'kunena kuti kukhosi kwauma. Mudzakumbuke kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chigoli chimene mwaphonya lero mudzachibweza Loweruka linalo, koma madzi akatayika sawoleka.

Kaputeni wanga adachira, adasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo lero ndi bambo wa imvi zake. Tikakumana amandipatsa moni waulemu ndi manja awiri, ndipo sadanditchulirepo za tsiku lija ngakhale kamodzi. Mayi wa thobwa uja sindidamuonenso, ndipo m'chipwirikiti cha tsikulo sindidafunse n'komwe dzina lake. Ndidachoka osamuthokoza, osamulipira ngakhale thobwa limene lidatayika pamene ankakankha anthu. Ngongole imeneyi ndimaibweza pofotokozera ena zimene iye adandiphunzitsa pansi pa mango paja: dzuwa sapikisana nalo, amalipatsa ulemu.